Chilolezo Chokuzira kapena Kusinthira Nyumba mu Mzinda wa Zomba

Munthu aliyense amene ali ndi nyumba mu mzinda wa Zomba ndipo akufuna kuikuza, kuisintha maonekedwe kapena kumanga chinthu china pa poloti yake, ayenera kupeza chilolezo ku Khonsolo ya Mzinda asanakumbe maziko. Anthu ambiri amadziwa kuti nyumba yatsopano imafunika mapulani ovomerezeka, koma amaganiza kuti nyumbayo ikatha, mwini wake angathe kuwonjezera chilichonse chimene wafuna popeza malo ndi ake. Malamulo sakutero. Umwini wa malo ndi chilolezo chomangira ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo munthu amene ali ndi chimodzi angathe kukhala wopanda chinzake.

Lamulo lake

Kamangidwe ka m'mizinda ndi m'maboma kamayendetsedwa ndi lamulo la Physical Planning Act la 2016, lomwe lidalowa m'malo mwa lamulo lakale la Town and Country Planning Act la 1988. Lamuloli limaletsa kuchita chitukuko pa malo popanda chilolezo. Mawu akuti chitukuko m'lamuloli ali ndi tanthauzo lalikulu kuposa m'kuyankhula kwa masiku onse, pakuti akuphatikiza kumanga, kuwonjezera kapena kusintha nyumba, kugawa poloti imodzi kuti ikhale mapoloti angapo, ndiponso kusintha ntchito imene nyumba kapena malo adapatsidwira.

Mapempho a chilolezo amaunikidwa ndi komiti yoona za mapulani, yomwe imagwira ntchito limodzi ndi akatswiri a Dipatimenti ya Physical Planning mu Unduna wa za Malo. Pambali pa lamuloli pali malamulo aang'ono a khonsolo, omwe makhonsolo amapanga ndi mphamvu zochokera m'lamulo la maboma aang'ono la 1998, komanso lamulo la zaumoyo lomwe limakhudza zimbudzi, madzi oipa ndi kaloledwe ka mpweya m'nyumba.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yaikulu ku Zomba

Zomba idali likulu la dziko lino mpaka 1975, ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti mumzindamu mumakhala anthu oposa 100,000. Mzindawu udamangidwa m'tsinde mwa phiri. Mvula ikagwa pamwamba, madzi amatsika ndi mphamvu kudzera m'mitsinje ya Mulunguzi ndi Likangala komanso m'timakwawa tambiri tomwe m'chilimwe timaoneka ngati touma. Munthu akamanga mpanda wa njerwa modutsa njira ya madzi, madziwo amafuna njira ina, ndipo kawirikawiri amakalowa m'nyumba ya amene ali kumunsi. Wina akasema phiri kuti apeze malo a chipinda chowonjezera osamanga khoma lochirikiza dothi, amaika pachiwopsezo banja lake ndiponso nyumba imene ili kumtunda kwake.

Namondwe wa Freddy, yemwe adagwa m'mwezi wa Malichi 2023, adaonetsa zomwe zimachitika nyumba zikamangidwa m'malo otsetsereka ndi m'njira za madzi, makamaka ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche mu mzinda wa Blantyre, komwe matope ndi miyala zidakokolola nyumba ndi kupha anthu ambiri. Zivomezi za ku Karonga za mu Disembala 2009 nazo zidagwetsa nyumba zomwe zidalibe maziko olimba ndi lamba wa konkire womanga makoma pamodzi. Kuunika mapulani ndiyo njira imene khonsolo imaonera zoopsa zoterezi zidakali papepala, pamene kukonza kwake n'kungofufuta mzere.

Ntchito zofunika chilolezo

Njira yapafupi yodziwira ndiyo kudzifunsa mafunso atatu. Kodi ntchitoyi ikhudza mphamvu ya nyumba? Kodi isintha kukula kwa nyumba kapena maonekedwe a poloti? Kodi isintha ntchito ya malowo? Yankho likakhala inde pa funso limodzi lokha, chilolezo chikufunika. Zina mwa ntchito zoterezi ndi izi:

Kuwonjezera chipinda, khitchini, khonde, bafa kapena garaja pa nyumba imene ilipo kale.

Kumanga nyumba ina pa poloti yomweyo, kaya ndi ya antchito, ya abale kapena ya lendi. Izi zikukhudza kwambiri eni malo a ku Chikanda ndi madera ena oyandikana ndi Yunivesite ya Malawi, komwe zipinda zogona ophunzira zimafunidwa chaka chilichonse. Zipinda zikachuluka pa poloti imodzi, zimbudzi, mabafa ndi njira zotulukira pa ngozi ya moto ziyenera kuchuluka molingana ndi anthu okhalamo.

Kugumula khoma limene lanyamula denga, kukuza zitseko ndi mawindo pa khoma lotero, kapena kusanjika nyumba ina pamwamba. Maziko amene adakumbidwira nyumba yapansi sangapirire katundu wa nyumba yosanja popanda injiniya kuwaunika.

Kusintha kamangidwe ka denga, monga kuchotsa malata n'kuika matailosi olemera, kapena kukweza makoma.

Kumanga mpanda wa njerwa kapena wa mabuloko a simenti, ndi khoma lochirikiza dothi pa malo otsetsereka.

Kukumba chimbudzi chatsopano kapena dzenje la sepitiki.

Kusandutsa nyumba yokhalamo, kapena mbali yake, kukhala golosale, okala, chigayo, malo ogona alendo, malo omwera mowa, sukulu yamkaka kapena tchalitchi. Apa chilolezo chimafunika ngakhale njerwa imodzi isanaikidwe, chifukwa chimene chasintha ndi ntchito ya malowo. Amalonda ayeneranso kudziwa kuti laisensi ya bizinesi ndi chikalata china, ndipo siilowa m'malo mwa chilolezo cha mapulani.

Kumanga nyumba yosungiramo mbewu zogulitsa kapena khola lalikulu la nkhuku ndi nkhumba. Alimi okhala mumzinda ayenera kufunsa kaye ngati dera lawo limalola ziweto zotero, popeza fungo, ntchentche ndi madzi otuluka m'khola zimakhudza thanzi la oyandikana nawo.

Ntchito zosamalira nyumba

Kupenta, kumata ming'alu ya pulasitala, kusintha galasi losweka, kuchotsa lata lodontha n'kukhomapo lina lofanana nalo, kukonza chitseko kapena mpopi, ndi ntchito zosamalira nyumba chabe, ndipo mwini nyumba angathe kuzichita popanda kupereka mapulani. Malire ake ndi akuti ntchitoyo isasinthe mphamvu, kukula kapena maonekedwe a kunja kwa nyumbayo. Pamene pali chikaiko, ndi bwino kufunsa ku ofesi ya mapulani ya khonsolo ntchito isanayambe. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Nyumba zakale zomwe zili pansi pa lamulo loteteza zinthu zamakedzana zili ndi dongosolo lakelake. Zomba ili ndi nyumba zingapo za nthawi ya atsamunda, ndipo mwini nyumba yotetezedwa ayenera kufunsa Dipatimenti yoona za zinthu zakale asanaisinthe, ngakhale ntchitoyo ioneke yaing'ono.

Chilolezo cha mwini nthaka

Malo a mumzindamu ali m'manja osiyanasiyana. Ena amaperekedwa ndi Unduna wa za Malo pa lizi, yomwe nthawi zambiri imakhala ya zaka 99, ena ndi a bungwe la Malawi Housing Corporation, ndipo ena amayang'aniridwa ndi khonsolo yomwe. Lizi iliyonse imakhala ndi mfundo zonena ntchito imene malowo adapatsidwira ndi zimene mwini wake saloledwa kuchita. Choncho wopempha ayenera kuwerenga chikalata chake ndi kupeza chivomerezo cha amene adamupatsa malowo. Munthu amene akuchita lendi, kuphatikizapo wokhala m'nyumba ya Malawi Housing Corporation, alibe mphamvu yowonjezera chipinda kapena kumanga okala popanda kalata ya mwini nyumba.

Kalata ya mfumu kapena ya mtsogoleri wa dera ingathandize kusonyeza m'mene munthu adapezera malo, koma si chilolezo chomangira. Mapangano ogulitsana malo amene anthu amalemberana pamaso pa mboni nawonso sapatsa wogula ufulu woyamba kumanga.

Zofunika kupereka ku khonsolo

Wopempha amadzaza fomu yomwe imapezeka ku ofesi ya mapulani ndi kuphatikiza zinthu izi:

Umboni wa umwini wa malo, monga lizi kapena kalata yopatsidwira poloti.

Mapu osonyeza pamene poloti ili, malire ake, msewu, nyumba zomwe zilipo kale ndi pomwe padzamangidwe. Mabikoni osonyeza malire akasowa, katswiri woyeza malo wovomerezeka ndiye ayenera kuwabwezeretsa. Mikangano yambiri ya anthu oyandikana imayamba pamene wina wamanga mpanda mongoyerekeza malire.

Mapulani a ntchitoyo, ojambulidwa ndi katswiri wolembetsedwa, osonyeza bwino gawo lakale ndi gawo latsopano, kukula kwa zipinda, mawindo, maziko, denga ndi njira ya madzi oipa.

Mapulani a injiniya, ngati ntchitoyo ndi ya nyumba yosanja, khoma lalitali lochirikiza dothi kapena kuchotsa khoma lonyamula denga.

Ndalama younikira mapulani, yomwe kuchuluka kwake kumalingana ndi kukula ndi mtundu wa ntchitoyo. Ndalamayi ilipiridwe ku ofesi yolandirira ndalama kapena ku akaunti ya khonsolo, ndipo wolipira atenge lisiti. Ndalama yoperekedwa m'manja mwa munthu amene akulonjeza kufulumizitsa zinthu siiteteza mwini nyumba pa tsiku limene oyendera afika. Aliyense wopemphedwa chiphuphu angathe kukanena ku bungwe la Anti-Corruption Bureau.

Zimene akatswiri amayang'ana

Mapulani akalandiridwa amadutsa m'manja mwa akatswiri a mapulani, a zomangamanga, a zaumoyo ndi ozimitsa moto. Iwo amaona ngati ntchitoyo ikugwirizana ndi zomwe dera lidakonzedwera. Ngati pasiyidwa mpata wokwanira pakati pa nyumba ndi malire kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Ngati poloti siidzadza ndi nyumba mpaka kusowa poyanika zovala ndi polowa madzi a mvula. Ndiponso ngati chipinda chilichonse chidzalandira kuwala ndi mpweya. Amaonanso kutalikirana kwa chimbudzi ndi chitsime, mtsinje kapena khitchini ya woyandikana naye.

Pali malo ena omwe chilolezo sichiperekedwa ngakhale mapulani akhale abwino chotani. Malowa ndi monga m'malire a msewu, makamaka msewu waukulu wa M3 umene umadutsa mumzindamu kuchokera ku Blantyre kupita ku Liwonde. Pansi pa nthambo za magetsi za ESCOM. Pamwamba pa mapaipi a Southern Region Water Board kapena a zonyansa. M'mphepete mwenimweni mwa mitsinje. Ndi m'nkhalango yotetezedwa ya phiri la Zomba. Amalonda amene amakonda kutulutsa khonde la sitolo kufika m'mbali mwa msewu ayenera kusamala kwambiri, chifukwa chomangidwa mosaloledwa m'malire a msewu chimagwetsedwa pamene msewu ukukuzidwa.

Komiti ingathe kuvomera pempho, kulivomera ndi mfundo zoti zitsatidwe, kubweza mapulani kuti akonzedwe, kapena kukana ndi kupereka zifukwa. Yankho limaperekedwa polemba. Wopempha amene sadakhutire ali ndi ufulu wochita apilo motsatira lamulo, ndipo ayenera kutero msanga popeza nthawi ya apilo ili ndi malire.

Ntchito ikayamba

Chilolezo chimagwira pa zomwe zili m'mapulani odindidwa basi. Mwini nyumba akasintha maganizo pakati pa ntchito, monga kuwonjezera chipinda china kapena kusuntha khoma, ayenera kubwereranso ku khonsolo ndi mapulani okonzedwa. Mapulani odindidwa azisungidwa pamalo a ntchito kuti oyendera awaone, ndipo khonsolo idziwitsidwe maziko akakumbidwa konkire asanathiridwe, pakuti cholakwika cha pa maziko sichioneka nyumba ikafika pa denga. Chilolezo chilinso ndi nthawi yake. Chikatha ntchito isanayambe, pamafunika kupemphanso. Ndi nzeru kulemba ntchito mmisiri kapena kontilakitala wolembetsedwa ndi kugwirizana naye polemba, chifukwa pamaso pa lamulo woyankha mlandu wa nyumba yomangidwa molakwika ndi mwini wake.

Zotsatira za kumanga popanda chilolezo

Khonsolo ikapeza ntchito yopanda chilolezo ili ndi mphamvu yoimitsa ntchitoyo, kulamula mwini wake kuti akonze kapena agwetse chimene wamanga, ndi kumutengera ku khoti. Iye akakana, khonsolo ingathe kugwetsa yokha. Zikatero simenti, njerwa, malata ndi malipiro a amisiri zonse zimapita pachabe, ndipo kwa mlimi kapena wamalonda wamng'ono izi zingakhale ndalama za zaka zingapo. Vuto lina limaonekera mochedwa, pamene mwini nyumba akufuna kuigulitsa, kuipereka chikole ku banki kapena kuisiyira ana, n'kupezeka kuti nyumba imene ili pamalopo ikusiyana ndi imene ili m'mabuku.

Amene adamanga kale popanda chilolezo akulimbikitsidwa kupita okha ku khonsolo kukapempha kuti ntchitoyo iunikidwe. Ngati chomangidwacho chikukwaniritsa zofunika, kapena chingathe kukonzedwa, komiti ingathe kuchivomereza. Chimene chili m'malire a msewu kapena m'njira ya madzi sichingavomerezedwe.

Nthawi yabwino yopempha

Anthu ambiri amamanga m'miyezi ya Meyi mpaka Okutobala, mvula itatha ndipo ndalama za zokolola zili m'manja. Popeza komiti imakumana pa nthawi zoikika ndipo mapulani angathe kubwezedwa kuti akonzedwe, wofuna kumanga m'chilimwe ayenera kupereka pempho lake mvula isanathe. Nyengo ya dzinja ndi imenenso imaonetsa bwino komwe madzi amadutsa pa poloti, ndipo wojambula mapulani akafika pamalopo m'nyengoyi amadziwa pomwe payenera kusiyidwa ngalande. Zipangizo zigulidwe chilolezo chikatuluka.