KANDULO YA MICHAEL FARADAY

Makolo athu adati safunsa adadya phula. Mwambiwu tonse timaudziŵa, komabe mwana akatifunsa chifukwa chake moto umazima ukavundikiridwa, kapena kumene kandulo imapita ikamatha, ambiri a ife timangoti, "Khala chete iwe, zimenezo ukaphunzira kusukulu." Mbiri ya munthu wina wa ku England, dzina lake Michael Faraday, itithandize kulingaliranso za yankho lotereli.

Faraday adabadwa m'chaka cha 1791 pafupi ndi mzinda wa London. Bambo wake anali wosula zitsulo, ndipo banjalo linali losauka, kotero kuti mwanayo sadapite patali ndi sukulu. Ali ndi zaka 14 adayamba kuphunzira ntchito yosoka mabuku, ndipo adakhala pa ntchitoyo zaka 7. Mabuku obwera kudzasokedwa iye ankaŵaŵerenga. Lina mwa iwo linali la mayi Jane Marcet, lofotokoza za sayansi mwa njira ya kucheza kwa mphunzitsi ndi atsikana aŵiri. Mnyamatayo sankangovomereza zimene waŵerenga ayi. Ankagula tizipangizo totsika mtengo nkumayesa yekha kuti aone ngati bukulo likunena zoona.

M'chaka cha 1813 katswiri wina, Humphry Davy, adamulemba ntchito yomuthandiza ku Royal Institution, nyumba yofufuziramo za sayansi mu London. Kumeneko, mu 1831, Faraday adatulukira kuti maginito akamayenda mkati mwa waya wokulungakulunga, muwayamo mumabadwa magetsi. Dayinamo ya njinga, ngakhalenso makina a ku Nkula amene akhala akupanga magetsi pa mtsinje wa Shire kuyambira 1966, zonsezi zimayendera nzeru yomweyo.

Tsono munthu wotchuka chotere sadayese ana ngati omutayitsa nthaŵi. Mu 1825 nyumba ija idakhazikitsa maphunziro a ana ochitika pa tchuthi cha Khirisimasi, ndipo pofika 1860 Faraday anali ataphunzitsa pa Khirisimasi zokwana 19. Mu 1848, ndiponso mu 1860, adaimirira pamaso pa ana atanyamula kandulo wamba, naiphunzitsa m'maphunziro 6. Mawu akewo adasindikizidwa m'buku mu 1861.

Nanga mu kandulo muli chiyani chodzaza maphunziro 6? Poyamba adaŵaonetsa kuti kutentha kumasungunula phula la pakati, pamene mpweya wozizira wokwera m'mbali umaumitsa la m'mphepete, kotero kuti pamwamba pa kandulo pamapangika kambale kosungira phula losungunukalo. Phulalo limakwera m'kachingwe monga momwe madzi amakwerera mu nsalu imene nsonga yake yagwera m'beseni. Chimene chimayaka si phula louma kapena lamadzimadzi, koma nthunzi yake. Pofuna kutsimikiza zimenezi, ankazimitsa kandulo ndi kuyandikiza moto ku kautsi koyera kotulukako, ndipo laŵi linkatsetsereka ndi utsiwo mpaka kukayatsanso kachingwe.

Kenaka adaŵaonetsa kuti chinthu chozizira, monga supuni, chikaikidwa pamwamba pa laŵi chimachita chinyezi, pakuti kandulo ikamayaka imabala madzi. Chikaloŵetsedwa mkati mwa laŵi chimada ndi mwaye. Ankavundikira kandulo ndi botolo, iyo nkuzima, kusonyeza kuti moto umadya mbali ina ya mpweya. Potsiriza adauzira mpweya wa m'kamwa mwake m'madzi a laimu osefedwa bwino, madziwo nayera ngati mkaka, monga momwe adachitira ndi mpweya wochokera ku kandulo. Apa ana adamvetsa kuti m'thupi mwathu chakudya chimapsa pang'onopang'ono, ndipo nchifukwa chake timafunda ndi kukhala ndi mphamvu. Adayambira pa kandulo, nathera pa kupuma kwa munthu.

Tikayang'ana kaphunzitsidwe kameneka tipeza zinthu zitatu. Adayamba ndi chinthu chimene mwana aliyense ankachiona madzulo onse kwao. Adalola kuti maso aone kaye, dzina lovuta libwere pambuyo. Ndipo zambiri adazisankha mwadala kuti ana akazibwereze kunyumba. Maphunzirowo akuchitikabe chaka ndi chaka mpaka lero. Adangoimako kuyambira 1939 mpaka 1942 chifukwa cha nkhondo.

Ife kuno timadandaula kaŵirikaŵiri kuti sukulu zathu zilibe zipangizo, ndipo dandaulolo ndi loona. Koma choopsa chachikulu ndi chakuti mwana akazoloŵera kuloŵeza mawu pamtima osaona chimene mawuwo akunena, amayamba kuganiza kuti sayansi ndi ya anthu a kutali, ndipo amaleka kufunsa. Chonsecho timadontho ta pansi pa chivundikiro cha mphika tingathe kumufotokozera kumene mvula imachokera. Nyemba zofesedwa m'zitini ziŵiri, china pa dzuŵa china mu mdima, zimuphunzitsa za kuŵala. Mnyamata amene akupinda galimoto yake ya mawaya, nkumafuna kudziŵa chifukwa chake mateyala sakuzungulira, wayamba kale umisiri. Chofunika nchakuti wamkulu akhale pambali pake, makamaka pamene pali moto, ndipo adekhe, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Bambo kapena mayi sachita kufunika satifiketi kuti achite zimenezi. Ngakhale yankho tilibe, tingathe kunena kuti, "Tiye tiyese, tione." Faraday sadabadwire m'nyumba ya ophunzira, koma adapeza buku lomuyankhula ngati mnzake ndi anthu omulola kuyesa. Ana athu akatifunsa madzulo ano, magetsi atazima kandulo ili pa tebulo, tisaŵatseke pakamwa.