Zinthu Zosadziwika za Mumlengalenga: Mmene Asilikali Amazifufuzila

M'midzi monga ya ku Zemba, m'boma la Chadiza, usiku kumakhala mdima wokwanila kuti munthu aone ciliconse coyenda kumwamba. Popeza bomali lacita malile ndi dziko la Mozambique, cinthu cowala cikadutsa usiku anthu amafunsa ngati ndi ndeke yacilendo, nyenyezi kapena zamatsenga. Cinthu coteleco, cisanadziwike, cimachedwa UFO pa Cingelezi. Dzinali limangotanthauza cinthu couluka cimene sicinazindikilidwe.

Asilikali a m'mlengalenga amafufuza nkhani zotele cifukwa nchito yawo ndi kuteteza thambo la dziko. M'dziko la Zambia udindowu uli m'manja mwa Zambia Air Force. Ofufuza amafunsa mboni nthawi, malo ndi mbali imene cinthuco cinalowela. Kenaka amayelekeza mayankhowo ndi zimene makina a radar aonetsa, ndandanda ya maulendo a ndeke, zanyengo ndiponso njila za masetilaiti.

Citsanzo capafupi cinacitika ku Zimbabwe pa 22 July 1985. Anthu a ku Bulawayo ndi madela ozungulila anaona cinthu cowala mumlengalenga, ndipo ndeke ziwili zankhondo za mtundu wa Hawk zinatumizidwa kucokela ku Thornhill, ku Gweru. Oyendetsa ndekezo anaciona, koma cinakwela m'mwamba mofulumila asanacifike. Akuluakulu a asilikali anavomeleza poyela kuti sanathe kucizindikila.

Nkhani ya pa 14 September 1994 inapeza yankho. Madzulo a tsikulo, moto waukulu unaoneka ukudutsa thambo la maiko a kum'mwela kwa Africa. Pambuyo pake akatswili anaugwilizanitsa ndi zidutswa za roketi ya ku Russia yochedwa Zenit, zimene zinali kupsa pobwelela padziko. Patapita masiku awili, ana 62 a pa sukulu ya Ariel ku Ruwa, pafupi ndi Harare, ananena kuti aona cinthu cikutela pafupi ndi sukulu yawo. Anafunsidwa ndi Cynthia Hind ndiponso John Mack wa ku Harvard, ndipo za umboni wawo anthu akali kutsutsana.

Ku America, asilikali a m'mlengalenga analandila malipoti 12,618 kuyambila mu 1947 kufikila mu 1969, pamene anatseka kafukufuku wochedwa Project Blue Book. Mwa malipotiwo, 701 okha ndi amene anatsala osadziwika. Ambili anapezeka kuti anali ndeke, mabaluni, nyenyezi ndi miyala yogwa kucokela kumwamba. Mu 2024, ofesi ya zacitetezo ya m'dzikolo yochedwa AARO inalengeza kuti sinapeze umboni wa zombo zocokela ku maiko ena a kuthambo.

Masiku ano zosokoneza maso zaculuka. Masetilaiti a Starlink akangoponyedwa kumene amaoneka ngati mkanda wa nyali zoyenda mondondozana popanda phokoso. Palinso tindeke topanda woyendetsa, tochedwa drone.

Munthu akaona cinthu cacilendo, asunge nthawi yake, mbali imene cacokela, mphindi zimene caonekela, ndiponso ngati cinali ndi phokoso. Ngati ali ndi foni, ajambule, kenaka auze a nyakwawa kapena apolisi. Cidutswa cacitsulo cikagwa m'munda, asacigwile ndipo ana asayandikile, pakuti zotsala za roketi zingakhale ndi mafuta apoizoni.

Coopsa cacikulu cili pamudzi pomwepo. Kuwala kosadziwika kukachedwa ndeke ya ufiti, cala cimaloza nkhalamba yosalakwa, ndipo ena amamenyedwa kapena kuthamangitsidwa pamudzi. Lamulo la Zambia lochedwa Witchcraft Act limati kuchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Conco woona cinthu cacilendo anene zimene maso ake aona, osachula dzina la munthu aliyense.