Golide Wochiritsa: Kuchokera kwa Arfajah Kufika kwa El-Sayed

M'zigwa za fodya za ku Kasungu, alimi ena amasiya zigafa nkupita kumitsinje kukasefa mchenga pofuna golide. Kwa iwo, mwalawu ndi ndalama basi. Koma m'mbiri ya Chisilamu golide wakhalanso mankhwala.

Chisilamu chimaletsa mwamuna kuvala golide. Komabe Abu Dawud ndi Tirmidhi anasunga nkhani ya Arfajah ibn As'ad, yemwe anadulidwa mphuno pankhondo ya Kulab Chisilamu chisanafike. Anaika mphuno ya siliva, koma inayamba kununkha. Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso zikhale pa iye) anamulamula kuti aike ya golide. Apa ndi pamene ma ulama anatengapo chigamulo chakuti golide ndi wololedwa pochiritsa.

Mu 1857, Michael Faraday wa ku London anaonetsa kuti golide akagawidwa m'tizidutswa tosaoneka ndi maso, amafiiritsa madzi, chifukwa tizidutswato timamwaza ndi kumeza kuwala mwanjira yakeyake.

Mmodzi mwa amene anatengera khalidweli pa kafukufuku wa khansa ndi Mostafa El-Sayed, wobadwira ku Egypt mu 1933, yemwe anaphunzitsa ku Georgia Tech. Mu 2005, iye ndi mwana wake Ivan, yemwe ndi dokotala, pamodzi ndi anzawo, anamangirira tizidutswa ta golide ku mapuloteni amene amazindikira maselo a khansa. Golideyo anakakamira kwambiri pa maselo odwalawo, ndipo anawala pa maikulosikopu. Chaka chotsatira anaonetsa kuti kuwala kwa leza kumatenthetsa golideyo mpaka kupha maselo a khansa ndi mphamvu yochepa kuposa imene ingaononge maselo athanzi. Akatswiri ena tsopano akusenzetsa tizidutswato mankhwala kuti akafike pa chotupa penipenipo.

Tisathamange mtima: njirayi ikadali pa kafukufuku, ndipo wogulitsa "madzi a golide" pamsika ndi wachinyengo. M'Malawi muno khansa ya khomo la chiberekero ikutha amayi ambiri, chonsecho kuyezetsa kulipo m'zipatala za boma, ndipo katemera wa HPV wa atsikana anayamba kuperekedwa dziko lonse mu 2019. Arfajah sanabise bala lake. Nafenso, kuyambira ku Nkhotakota mpaka ku Mangochi, tiperekeze amayi athu kukayezetsa chotupa chisanakule, ndipo Allah ndiye Mchiritsi.