Kuchokera ku nthomba kufika ku poliyo: mavayirasi m'mbali mwa nyanja ku Lunho

Vayirasi ndi kachilombo kakang'ono zedi kamene sikatha kuswana pakokha. Kakalowa m'thupi kamabisala mu selo n'kuikakamiza kupanga tizilombo tinzake tambirimbiri. N'chifukwa chake mankhwala opha mabakiteriya, monga penisilini, sachiza chimfine kapena chikuku. Asayansi anayamba kuzindikira za tizilomboti mu 1892, pamene Dmitri Ivanovsky ankafufuza matenda a masamba a fodya, koma kutiona ndi maso kunadikira makina amphamvu a m'ma 1930.

Anthu a ku Lunho ndi midzi ina ya m'boma la Lago, ku Mozambique, anaidziwa nthomba kalekale, dzina loti vayirasi lisanamveke. Inkayenda m'njira zomwe anthu ankayenda: m'maulendo a minyanga ndi akapolo olowera ku Kilwa, komanso m'zombo zowoloka nyanja. Munthu ankaitenga popuma mpweya wa wodwala kapena pokhudza zovala zake. Mtundu wake woopsa unkapha atatu mwa odwala khumi, ndipo opulumuka ankatsala ndi zipsera, ena khungu. M'madera ambiri a mu Africa makolo anali ndi nzeru yotemera munthu wabwinobwino mafinya a wodwala kuti adwale pang'ono, thupi liphunzire kudziteteza. Nzeruyo inali yoona ngakhale inkaphetsa ena, ndipo katemera amene Edward Jenner anayesa mu 1796 anatsata njira yomweyo, koma ndi kachilombo kofatsa kochokera ku ng'ombe.

Vuto linali kufikitsa katemerayo kwa anthu. Katemera wakaleyu ankatha mphamvu ndi kutentha, choncho kumidzi ya kunyanja yopanda misewu, ngakhale pafupi ndi mishoni ya Anglican ya Messumba, sikunali kophweka kutemera aliyense. Chimfine cha 1918 chinadutsa m'chigawo chonsechi popanda katemera ndi komwe. Zinthu zinasintha ndi katemera wouma wosaopa dzuwa, amene bungwe la WHO linadalira pa ntchito yothetsa nthomba kuyambira 1967. Mozambique itangolandira ufulu inayambitsa katemera wa dziko lonse mu 1976, wa nthomba, chikuku ndi chifuwa chachikulu. Wodwala nthomba womaliza kuitenga mwachibadwa anapezeka ku Somalia mu 1977, ndipo mu 1980 matendawa analengezedwa kuti atha padziko lonse.

Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, yomwe inatha mu 1992, inagwetsa zipatala zambiri za kumidzi panthawi imene HIV inali kufalikira. Mozambique inapeza wodwala woyamba mu 1986. Kachilomboka kamadutsira m'magazi, pogonana, ndi kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana, ndipo kamaononga chitetezo cha m'thupi chenichenicho. Katemera wake sanapezeke, koma ma ARV amakaletsa kuswana, moti womwa mankhwala mokhulupirika mpaka kachilombo kosaonekanso m'magazi sapatsira mnzake pogonana. M'madoko a asodzi, momwe anthu amabwera ndi kupita ndi nyengo ya usipa, kusadukiza mankhwala ndi nkhani yofunika kuisamala kwambiri.

Mu February 2022 Malawi inalengeza kuti mwana wa ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, ndipo mu May wina anapezeka ku Changara, m'chigawo cha Tete. Kachilombo aka kamatuluka m'chimbudzi n'kulowa m'kamwa kudzera m'madzi ndi manja osasamba, ndipo ambiri okanyamula saoneka kudwala. Malawi, Mozambique, Tanzania ndi Zambia anayenda khomo ndi khomo kudonthezera ana osakwana zaka 5 katemera m'kamwa, mobwerezabwereza, chifukwa dontho la ulendo umodzi silikwanira.