TIYENDE PANSI: NYUMBA ZAKALE ZA KU KABULA

M'mizinda ya kunja monga London ndi Edinburgh, mlendo masiku ano sasowa womuperekeza. Amangotsegula pulogalamu ya pa foni yake ya m'manja, ndipo foniyo imamlozera njira ndi kumuuza mbiri ya nyumba yakale imene waima pakhomo pake. Ife a kuno kwa Kapichi timapita ku Blantyre kukagula nsalu kapena kukazonda odwala ku Gulupu, koma nyumba zotere timangozipitirira osacheuka n'komwe. Tiyeni lero, amayi anzathu, tiyende pansi, ndipo tsamba lino likhale lotitsogolera.

Tikadutsa Bvumbwe ndi Limbe titsikire pa Wenela. Dzinali nalonso ndi mbiri, pakuti lichokera ku bungwe lija limene linkalemba abambo athu ntchito ya m'migodi ya ku Joni. Pafupi pomwepo pali Mishoni ya Blantyre, imene anthu a ku Scotland anayamba m'chaka cha 1876 m'dziko la mfumu Kapeni. Malowo anasankha ndi Henry Henderson, amene sukulu ya H.H.I. inatenga dzina lake.

Apa tisafulumire. Tchalitchi cha St Michael and All Angels anayamba kuchimanga mu 1888, nachipatula pa 10 May 1891. Anatsogolera ntchitoyo ndi Mbusa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire za zomangamanga, yemwenso analemba buku lalikulu la matanthauzo a mawu a Chimang'anja mu 1892. Mapulani olembedwa bwino panalibe: ankayamba asanja njerwa zouma popanda matope, kuona ngati zakhala, kenaka n'kumanga. Njerwazo anaziumba ndi dothi la komweko, naziotcha ndi nkhuni. Yang'anani khoma mofatsa. Mudzaona kuti njerwa sizifanana, zina zokhota, zina zosongoka, mitundu 81, ndipo mtundu uliwonse unafuna chikombole chakechake. Ife amene tinaponda dothi ndi kutungira madzi pomanga matchalitchi a kwathu kuno tidziwa kulemera kwa ntchito yotere. Mabuku amatchula Scott, ndipo nkoyenera. Koma manja amene anaumba, kuotcha ndi kukweza njerwazo pamwamba anali a anthu akuda a m'midzi yozungulira, amene anali asanaonepo nyumba yotero chibadwire. Ana athu tiwauze zimenezi ali chiimire pakhomo pomwepo.

Tikatsikira m'tauni, pa msewu wa Victoria Avenue tiona holo yakale ya mzinda ya mu 1903, yokumbukira Mfumukazi Victoria. Tingoiona ndi kupitirira.

Mapeto a ulendo ndi nyumba ya Mandala, yomangidwa mu 1882, yosanja, ya khonde lalikulu, imene inamangidwa kale kuposa tchalitchi chija. Inali ya kampani ya African Lakes, imene ankayendetsa John ndi Frederick Moir, munthu ndi mbale wake. Dzina la Mandala linachokera pa magalasi a m'maso amene John ankavala. Kuno nkumene anthu a John Chilembwe anathyola nyumba yosungira mfuti mu January 1915, usiku umene nkhondo yawo inayamba.

Tsono mwina wina afunsa kuti zonsezi zitikhudza bwanji ife a m'minda ya tiyi. Zitikhudza ndithu. Mitengo yoyamba ya tiyi inabzalidwa m'munda wa pa Mishoni pomwe paja. Henry Brown anatengera mbewu zake ku Mulanje mu 1891, ndipo ku Thyolo tiyi anayamba kulimidwa cha m'ma 1908. Panalinso thangata, ndipo Alomwe ambiri ochokera ku Mozambique anakhazikika m'maesiteti, ena mwa iwo agogo athu enieni.

Nako kwathu kuno nyumba zakale zilipo. Ku Makwasa kuli Malamulo, kumene a Seventh-day Adventist anayamba ntchito mu 1902. Ku Satemwa, esiteti imene Maclean Kay anatsegula mu 1923, kuli nyumba ya Huntingdon ya mu 1928, imene inasanduka malo ogona alendo. Alendo amaijambula zithunzi kwambiri. Koma ife tikamapita ndi ana kumeneko, tikawaonetsenso mafakitale a tiyi ndi timanyumba ta m'malaini, momwe munkagona othyola tiyi, ndipo titenge agogo mmodzi wokumbukira bwino kuti akatilozere khomo limene linali lawo.