Fodya Wako Ndi Uyo Ali Pamphuno: Mchinji ndi Njira ya ku PhD

M'chaka cha 1924 boma la atsamunda lidalemba malire kuzungulira mapiri a ku Fort Manning, kumene lero timati ku Mchinji, n'kulengeza kuti nkhalango ya mahekitala pafupifupi 20,000 tsopano ndi ya boma. Chifukwa chake chinali chomveka ndithu, pakuti m'mapiri amenewa ndi mmene mumachokera mtsinje wa Bua, uja umadutsa ku Kasungu n'kukathira m'nyanja ku Nkhotakota. M'chaka chomwecho ku Oxford kudatsegulidwa sukulu ya Imperial Forestry Institute, yophunzitsa akuluakulu oyang'anira nkhalango za m'maiko olamulidwa ndi Britain. Tsono onani mmene zidayambira: nkhalango ili kuno, koma sukulu yophunzitsa kuisamala ili kutsidya la nyanja, ndipo Achewa ndi Angoni okhala m'tsinde mwa mapiriwo analibe khomo lolowera m'sukulu imeneyo.

Nkhani imeneyi tikuikumbutsa chifukwa cha anyamata ndi atsikana amene masiku ano akuchezera kulemba makalata opempha thandizo la ndalama loti akachitire digiri ya PhD pa za kukonza dongosolo la malo ndi zachilengedwe. Njira imene akuyendayo ili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo imatiphunzitsa chinthu chimodzi: wolipira sukulu amakhalanso ndi mawu pa zimene wophunzira akaphunzire.

Oyamba kulipira anali amishoni. A Daniel Malekebu adafika ku America ndi thandizo la mpingo wa Baptist, namaliza udokotala ku Meharry mu 1917. A Hastings Kamuzu Banda adapita ku America mu 1925 atathandizidwa ndi mpingo wa African Methodist Episcopal, ndipo nawonso adamaliza ku Meharry komweko mu 1937. Ku Mchinji kwenikweniko, khomo la maphunziro apamwamba linali seminale ya Kachebere, imene idatsegulidwa mu 1939 ndipo inkalandira anyamata a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia omwe. Mpingo unkafuna ansembe, aphunzitsi ndi madokotala a m'chipatala, ndiye ndi amene unkaphunzitsa. Wolemba mapu a minda ndi nkhalango sunamufune.

Ufulu uli pafupi kudabwera wolipira wina. Mu 1959 maiko a Commonwealth adagwirizana ku Oxford zokhazikitsa ndondomeko ya masikolashipu, ndipo ophunzira oyamba adayamba maphunziro mu 1960. Yunivesite ya Malawi idakhazikitsidwa mu 1964, koma kwa zaka zambiri ntchito yake yaikulu inali madipuloma ndi digiri yoyamba. Wofuna PhD ankayenera kutuluka m'dziko. Apa ndi pamene panali mfundo yothina. M'nthawi ya chipani chimodzi mphunzitsi wa pa yunivesite kapena wogwira ntchito m'boma sankangonyamuka ayi, ankadikira chilolezo cha boma, ndipo ambiri ankasainira kuti akabwerako adzagwirira ntchito amene adawatumawo. Munthu wodikira chilolezo safunsa mafunso okwiyitsa wopereka chilolezoyo.

Chikhalirecho mafunso okwiyitsawo analipo, makamaka ku Mchinji. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 malo ambiri a mafumu m'bomali, monganso ku Kasungu, adasandutsidwa maesiteti a fodya. Lamulo la mbewu zapadera linkaletsa mlimi wamba kulima fodya wa bale, ndipo chiletsocho chidayamba kumasuka mu 1990. Zigafa zinkafuna milimo, mabani a fodya wa fuluu ankadya nkhuni usiku ndi usana, ndipo matenanti ochokera kutali ankafuna pomanga ndi polima. Njanji idafika ku Mchinji mu 1980. Kodi nthaka ya munthu wamba idatsala yochuluka bwanji? Nanga mitengo inkatha pa liwiro lotani? Awa anali mafunso oyenera PhD, koma ambiri mwa eni maesiteti anali akuluakulu a boma ndi a chipani, choncho mwana wa m'dziko muno woyembekeza sikolashipu ankaganiza kawiri asanawakhudze.

Zinthu zidatembenuka m'zaka za m'ma 1990. Msonkhano wa ku Rio de Janeiro wa 1992 udachititsa kuti maiko opereka thandizo aike mtima pa zachilengedwe, ndipo kuno kwathu kudabwera ulamuliro wa zipani zambiri mu 1994. M'chaka chomwecho boma lidatulutsa ndondomeko ya dziko yosamalira zachilengedwe. Mu 1996 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loyendetsera zachilengedwe, mu 1997 lamulo latsopano la nkhalango, ndipo mu 2002 mfundo za kayendetsedwe ka malo. Lamulo la 1996 lija lidati ntchito zikuluzikulu zachitukuko zisanayambe paziyamba pachitika kauniuni wa mmene zingawonongere chilengedwe. Mwadzidzidzi dziko lidafuna akatswiri ochuluka kuposa amene lidaphunzitsa, ndipo kawirikawiri ntchitoyo inkagwera alendo. Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo kobwereka mwini wake amabwerera nako kwawo.

Lero makomo achuluka. Yunivesite ya Mzuzu, imene idayamba kuphunzitsa mu 1999, ili ndi maphunziro a nkhalango ndi a malo. Koleji ya Bunda idakhala mbali ya yunivesite yoima payokha ya LUANAR mu 2012, ndipo munthu akhoza kuchita PhD ali konkuno. Bungwe la RUFORUM, limene lidakhazikitsidwa mu 2004, lidathandiza mayunivesite a mu Africa kuphunzitsirana ophunzira a PhD. Kunja kuli a Commonwealth, a DAAD a ku Germany ndi ena otero. Komabe zofunika zake n'zofananafanana: digiri yachiwiri yokhoza bwino, makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi okudziwa ntchito yako, pulofesa wovomera kukuyang'anira, ndi chikalata chofotokoza kafukufuku, chimene ophunzira amangoti pulopozo. A Commonwealth amafunanso kuti dzina lako lidzere ku bungwe lovomerezeka kusankha anthu, kuti ufotokoze phindu la kafukufukuyo pa chitukuko cha kwanu, ndi kuti ukamaliza ubwerere kumudzi. Zonsezi zimayamba pafupifupi chaka chathunthu sukulu isanatsegulidwe. Wodzuka mochedwa amadikira chaka china.

Chilolezo cha chipani chidatha, koma wolipira akadali ndi mawu. Chaka china ndalama zili ku nkhani ya kusintha kwa nyengo, chaka china zili ku madzi kapena ku mizinda, ndipo wopempha wosakhazikika mtima amangosintha mutu wa pulopozo monga bilimankhwe, mpaka kukapezeka akufufuza funso limene ngakhale agogo ake sangalizindikire. Kuwerenga zofuna za wolipira si kulakwa, ndi nzeru. Cholakwika n'kufika kwa iye chimanjamanja. Oyesa mapulopozo amawerenga mulu wa makalata onena za "kuwonongeka kwa chilengedwe mu Africa". Imene imawaimitsa ndi ija yotchula malo enieni, vuto lenileni, ndi njira yoliyezera m'zaka zitatu.

Ndipo Mchinji ndi nkhokwe ya mafunso otere. Kalembera wa 1998 adapeza anthu pafupifupi 325,000 m'bomali. Wa 2018 adapeza oposa 600,000, pa nthaka yomweyo. Malamulo a malo a 2016 adatsegula njira yolembetsa malo a makolo: kodi kumene munda umadzera kwa mayi, dzina lolembedwa pa chikalata likhala la yani? Njanji idalumikizana ndi ya ku Chipata mu 2010, ndipo chipata chatsopano cha Mwami ndi Mchinji chidatsegulidwa mu 2022: nanga misika ndi nyumba zomera m'mbali mwa msewu zikutsata mapu a yani? Makala, mitsinje ndi moto wa m'tchire sizidziwa malire a Malawi ndi Zambia: maboma awiri angasamale bwanji phiri limodzi?

Patha zaka zoposa 100 chilembereni malire a nkhalango ija. Khomo limene linali lotseka mu 1924 lero ndi lotsegula, ngakhale ndi lopapatiza. Mwana wa ku Mkanda, ku Kapiri kapena ku Kamwendo amene akugogoda pakhomopo akumbuke kuti wolipira ali ndi ndalama, pulofesa ali ndi mabuku, koma amene akudziwa dambo limene lidauma ndi chaka chimene lidaumira ndi iyeyo. Chuma chimenecho asachisiye pakhomo popita kukapempha.