Chikoti ndi akavalo odumpha mipanda

Mawu akuti kavalo ndi akuti chikoti tidawalandira kuchokera kwa anthu amodzi, Apwitikizi. Kavaloyo sadachuluke kwathu kuno, koma chikoti ndiye makolo athu adachidziwa bwino, chija cha chikopa cha mvuu, chotera pamsana pa munthu. Mwina n'chifukwa chake ndikamawerenga mbiri ya masewera odumphitsa akavalo mipanda ku Ulaya, maso anga amakakamira pa kamkwapulo kamene wokwera amagwira kudzanja. Ndimafuna kudziwa kuti malamulo ake adasintha liti, ndipo adawasinthitsa ndani.

Masewerawa adachokera kwa alenje a ku England ndi Ireland, omwe ankadumpha mipanda ya minda pothamangitsa nkhandwe, kenaka asilikali adawatenga kukhala awo. Adalowa mu Olympics ku Paris m'chaka cha 1900 n'kubwereranso ku Stockholm mu 1912, ndipo kwa zaka zambiri opikisana anali akuluakulu a asilikali. Kwa msilikali kavalo anali chida ngati mfuti. Akakana kudumpha ankamuona ngati wopanda mwambo, ndipo mankhwala ake anali chikoti ndi tizitsulo ta kuchidendene. Woyamba kusintha maganizo amenewa anali msilikali yemwe, Federico Caprilli wa ku Italy, amene adamwalira mu 1907. Iye adaona kuti okwera ankatsamira chagada podumpha n'kumakoka chitsulo cha m'kamwa mwa kavalo, nyama n'kumamva ululu. Adawaphunzitsa kuweramira kutsogolo ndi kumasula zingwe. Apa mpamene zidaoneka kuti kavalo wokana mpanda nthawi zambiri amakhala akukana wokwerayo.

Lamulo loletsa kuchitira nkhanza akavalo ndi ziweto zina lidalipo kale ku Britain kuyambira 1822, lomwe adalimenyera nkhondo ndi phungu wotchedwa Richard Martin. Bungwe loyendetsa masewera a akavalo pa dziko lonse, la FEI, lidakhazikitsidwa mu 1921. Pofika pa Olympics ya ku Paris mu 2024, malamulo ake a masewera odumpha ankati chikoti chisapitirire masentimita 75 ndipo chisakhale ndi cholemetsa kunsonga. Wokwera asamenye kavalo kumutu, asamenye pofuna kuphwetsa mkwiyo, asamenye atachotsedwa kale mumpikisano, ndiponso asapitirire katatu motsatizana. Khungu likang'ambika, umenewo ndi mlandu basi. Taonani bwino, awerengi: lamuloli silidaletse kukwapula. Lidangowerenga zikoti, ngati mmene ankachitira aphunzitsi athu akale aja.

Ndiye adasuntha zinthu ndani? Ine ndikuona kuti ndi kamera. Mu 1990 wailesi ya kanema ku Germany idaonetsa zithunzi za kumakola a Paul Schockemöhle, katswiri yemwe adakhalapo ngwazi ya ku Ulaya katatu. Akavalo ankamenyedwa ndi mtengo m'miyendo ali m'malere, kuti mawa adzakweze miyendo poopa ululu. Eni masewerawa ankaudziwa kale mchitidwewu. Chachilendo chinali choti tsopano mayi wokhala pabalaza pake wauona, ndipo dziko lonse la Germany lidalusa.

Nkhani yaikulu idachitika ku Tokyo mu August 2021, pa masewera a modern pentathlon, momwe munthu mmodzi ankapikisana pa kusambira, kuthamanga, kuwombera, malupanga ndi kudumphitsa kavalo. Kavalo wake sankakhala wako ayi. Ankachita maere, n'kukupatsa mphindi 20 zokha kuti udziwane ndi nyama yomwe sunaionepo chibadwire. Annika Schleu wa ku Germany anali patsogolo pa onse, mendulo ya golide ili pafupi, pomwe maere adamugwetsera kavalo wotchedwa Saint Boy. Kavaloyu anali atavuta kale ndi wokwera wina tsiku lomwelo. Adakana. Mtsikanayo, misozi ili chuchuchu, adayamba kukwapula, mphunzitsi wake Kim Raisner akumulimbikitsa ali kunja kwa mpanda, mpaka mphunzitsiyo adafika pomenya kavaloyo ndi chibakera. Raisner adathamangitsidwa ku masewerawo, Schleu adathera pa nambala 31. Ambiri adatukwana mtsikanayo, koma kwa ine wolakwa wamkulu ndi amene adakonza mpikisano woti nyama yamantha ndi munthu wamantha akumane kwa mphindi 20, kenaka n'kuika chikoti pakati pawo. Mu November chaka chomwecho bungwe la masewerawo, la UIPM, lidagamula zochotsamo akavalo ikangotha Olympics ya 2024.

Okwera ali ndi mbali yawo, ndipo si yopusa. Amati kavalo wolemera makilogalamu oposa 500 akazengereza pafupi ndi mpanda wa mita imodzi ndi masentimita 60, onse awiri akhoza kuthyoka khosi. Kukhudza kamodzi ndi chikoti kuseri kwa mwendo kumamuuza kuti pita, usaime. Pamenepo ndikuwamva. Pomwe sindiwamva ndi pa chikoti chobwera kavalo atakana kale, wokwera nkhope ili gwaa ndi manyazi. Chimenecho sichipulumutsa khosi la munthu. Palinso ena omwe ankati kavalo ali ndi khungu lochindikala, samva kanthu. Mu 2020 akatswiri a ku Australia, mmodzi mwa iwo Paul McGreevy wa pa University of Sydney, adayerekeza khungu la kavalo ndi la munthu, ndipo adapeza kuti kakhungu kapamwamba, komwe kuli mitsempha yomva ululu, sikasiyana kwenikweni. Ndi nyama yomwe imamva ntchentche ikatera pamsana, nanji chikoti.

Mayiko ena sadadikire. Norway idaletsa kukwapula akavalo pa mijaha yothamanga kalekale mu 1982. Bungwe la British Showjumping lidalamula kuti kuyambira mu January 2020 okwera azigwira kandodo kokutidwa ndi zofewa kokha, kosapitirira masentimita 70.

Komabe malamulo onsewa amagwira bwino ntchito m'bwalo, momwe muli oweruza ndi anthu oonerera. Kumakola n'kwina. Kutangotsala masiku ochepa kuti Olympics ya 2024 iyambe, kudatuluka kanema wakale woonetsa Charlotte Dujardin wa ku Britain, mwini mamendulo 6 a Olympics pa masewera oyendetsa kavalo mwaluso, akukwapula kavalo m'miyendo mobwerezabwereza pophunzitsa wokwera wina. Ku Paris sadapikisane nawo, ndipo FEI idamuimitsa kwa chaka chathunthu. Adamugwiritsa ndi munthu wamba amene adaima pambali n'kumajambula. Ku Los Angeles mu 2028 a pentathlon adzakhala akukwera makoma ndi kulendewera pa zitsulo ndi manja awo, pomwe akatswiri odumphitsa akavalo akadali pa ndandanda wa masewerawo.